Mmene Atate Anawetera Zala

Boma likati likukonza zinthu, ife a ku Kabwata timayamba kumanga zingwe za nsapato, poti timadziwa kuti kuyenda kwayandikira. Chaka chimene ankakonza za penshoni, pa wailesi ankalankhula mokoma ngati akufunsira mbeta. Akuti akufa ambiri ankalandirabe, ndiye aliyense wopuma pa ntchito apite m'tauni akaike chala pa makina, aoneke kuti ali moyo. Wosaoneka, penshoni yake iima.

Atate anavala suti yawo ya pa Mgonero, poti anali mkulu wa mpingo, ine n'kuwaperekeza. Moyo wawo wonse anaumba mabuloko pa fakitale ina ku Heavy Industrial Area, ndipo simenti inawadya zala mpaka zinasalala ngati sopo wotsala pang'ono kutha. Kunyumba tinkangodziwa kuti amatha kugwira poto wotentha popanda kansalu. Sitinkadziwa kuti umenewu ndi mlandu.

Pamzere tinapeza asing'anga a zala. Agogo ena anati atate apake chala pamphumi chitengeko mafuta, ena anati malovu ndiwo mankhwala, ena anatulutsa kabotolo ka mafuta odzola kamene kanayenda mzere wonse. Atate anayesa zonsezo. Mtsikana wa pawindo, wa zikhadabo zazitali zopaka utoto, anawagwira chala chachikulu, chamkombaphala, mpaka kakang'ono komwe. Kabokosi ka makinawo kankangophethira kofiira.

"Atate, sisitemu siikuonani," anatero.

"Nanga iwe mwana wanga, ukundiona?"

"Ine nikuonani, manje sisitemu ndiye ifunika kukuonani. Mukapumuzeko zala, mubwelenso."

Ine ndinapsa mtima, ndinayamba kukweza mawu, koma atate ananditsina pamkono. Anthu a msinkhu wawo satsutsana ndi windo la boma. Mwana wanena kuti zala zipume, basi zala zipuma.

Ndiye atate anayamba kuweta zala. Khasu la kadimba ka kuseri kwa nyumba analisiya, repu n'kufota. Anagula magolovesi a ubweya pa salaula, pogulitsira zovala zovalidwa kale, ku Kamwala n'kumavala mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Kutchalitchi anasiya moni wa m'manja, ankangogwedeza mutu, mpaka anthu anayamba kunong'onezana kuti akulu a mpingo ayamba matama. M'mawa uliwonse ankakhala pakhonde n'kumaunika zala padzuwa, monga mlimi woyembekeza chimanga kumera. Tinkawaseka, sindingabise. Koma miyezi inkatha penshoni osalowa, ndipo mapiritsi awo a kuthamanga kwa magazi tinayamba kuwadula pakati kuti akhalitse.

Tinabwererako mpaka makondakitala a minibasi anatizolowera. Ku ofesi anatiuza kuti ilipo njira ina ya anthu a zala zofufutika, koma bwana wosaina anali ku msonkhano wokonza njira yomweyo, kuhotela. Ulendo wina bwana analipo, netiweki kulibe. Ulendo wina zonse zinalipo, magetsi n'kuthima. Alamu anga a ku Woodlands, amene amati amadziwana ndi aliyense, analonjeza kuti alankhula ndi munthu wina wake, ndipo ndikhulupirira kuti akulankhula nayebe.

Atate anamwalira mvula itangoyamba. Nditapita ku ofesi kuja ndi chikalata cha imfa, zinthu zinayenda mwachangu moti zinandiwawa kuposa mizere yonse ija. Bwana analipo, netiweki inalipo, magetsi ali ngwee. Munthu amene anakana kumukhulupirira ataima pamaso pawo akupuma, anamukhulupirira tsiku lomwelo atagona kumanda. Anandipepesa mwaulemu, n'kundiuza kuti zonse zotsala adzalandira amayi monga amasiye. Chachikulu angobwera adzaike chala.

Amayi ndinawapeza akuyanika zovala kuseri. Iwowa anayamba kuchapira anthu ku Kabulonga ine ndisanabadwe, manja ali m'sopo waufa ndi m'mankhwala oyeretsera kuyambira Lolemba mpaka Loweruka. Ndinawafotokozera zonse. Anapukuta manja pachitenje, n'kuwatambasula pamaso panga.

"Iwe uli na maso abwino," anatero. "Ona ngati pali kanthu."

Ndinawagwira manjawo, ndinawatembenuzira kudzuwa, ndinayang'ana chala chimodzichimodzi. Panalibe kanthu.