Tsiku limene diso la amuna anga linagona

Amuna anga anamwalira chaka chatha, mvula yoyamba itangogwa. Masiku ano ndikakhala pakhonde masana, maganizo amathawira ku msewu wafumbi wochokera ku Nathenje kubwera kwathu cha ku Mitundu, ndipo nthawi zina sindidziwa ngati ndikukumbukira kapena ndikulota.

Zinali zaka zija azungu akadalamulira, tili ndi mwana mmodzi woyamwa. Iwo ankasula makasu ndi nkhwangwa kuseri kwa nyumba. Tsiku lina akumenya chitsulo chofiira, kachidutswa kanathetheka n'kulowa m'diso lakumanja. Lakumanzere linawonongeka ndi chikuku ali mwana, linkangoona ngati mu utsi. Lakumanjalo likanafa, munthuyo akanakhala wakhungu asanamere imvi.

Kwathu chitsotso timachotsa ndi lilime. Ndinachukucha m'kamwa, ndinawagwira mutu, n'kupititsa lilime pang'onopang'ono m'disomo. Kachitsuloko ndinakamva, kokhakhala ngati kamchenga, koma kanali katamira. Ndinafinyiramo mkaka wa m'mawere, osathandiza. Masiku awiri anakhala m'nyumba ataphimba nkhope ndi nsanza poopa dzuwa. Lachitatu mamawa ndinasiya mwana kwa apongozi, tinanyamuka wapansi kupita ku kachipatala ka mishoni kufupi ndi Nathenje.

Kumeneko tinapeza dresala, bambo wamtali wovala zoyera, amene anthu ankangomutchula kuti adokotala. Anawagoneka pabenchi n'kutenga kabotolo kabulauni. Madontho awiri okha.

"Tsabola uyu!" anakuwa amuna anga. Mapewa aja anali atauma masiku awiri anamasuka ine ndikuona.

"Mayi a mwana," anandiitana monong'ona, "diso langa lachoka. Taonani pansipo, mwina lagwa."

"Lilipo, atate," anatero adokotala akuseka. "Langogona."

Atatenga singano ndinatembenuka. Ndinayang'ana pazenera, pamene kansalu koyera kankakupiza ngakhale kunalibe mphepo yomveka. Kunja mayi wina ankayanika mabandeji pachingwe, ataliatali, akuwala. Ndinkadikira kukuwa, koma kumbuyo kwanga ndinkangomva amuna anga akufotokoza mmene amauzira moto ndi mvukuto. Munthu singano ili m'diso, akukamba za mvukuto! Kachitsuloko anandionetsa pathonje. Kanali kochepa ngati njere ya fodya.

Ndinagwada n'kupempha kuti atigawireko madzi a m'botolomo tikasunge kunyumba.

"Ayi, amayi. Amenewa sachiza, amangogoneka diso. Diso logona silimva likamapwetekedwa." Anapaka mankhwala ena onga mafuta n'kumanga bandeji. "Likadzuka liwawa, liyabwanso kwambiri. Akangolitikita, bala likula, ndipo ine sindidzathanso kanthu. Manja awowa ndi ntchito yanu mpaka mkucha."

Tisanafike n'komwe pamsika, dzanja la amuna anga linayamba kukwera kudiso. Ankafuna kungogwira, ati amve ngati disolo ndi lawodi. Ndinalibweza. Linakweranso. Pamenepo ndinatula dengu limene ndinasenza, muli mbatata zootcha ndi chipanda cha madzi, ndinawapatsira kumanzere kuti anyamule. Dzanja lakumanja ndinaligwira ndi langa.

Nthawi imeneyo mkazi ankayenda pambuyo pa mwamuna wake, katundu ali pamutu. Kugwirana manja pamsewu tinkangomva kuti amachita azungu a ku Lilongwe.

"Inu, anthu atiseka," anatero iwo.

"Atiseke. Inu simukuwaona."

Anatisekadi. Pachitsime china amayi anasiya kutunga. "Ukwati wachizungu uwo! Achimwene, dengulo mukagaitse nalo chimanga!" Bambo wina wa panjinga anatiyang'anitsitsa mpaka anakalowa m'mizere ya m'munda wa eni ake. Amuna anga anafunsa chimene chagwa, nditawauza anaseka, kenaka anabuula chifukwa diso linali litayamba kudzuka.

Kuchokera pamenepo ulendowo ndimaukumbukira ngati tinkayenda m'madzi. Kunali kotentha, minda yotenthedwa ikufuka utsi woonda, mitengo yakutali ikunjenjemera ngati ikufuna kuuluka. Dzanja lawo linali lolemera, lokhakhala ndi zipsera za moto. Zaka zitatu tili pabanja, ndinali ndisanaliyang'ane bwino masana. Ululu ukabwera ankandifinya zala mpaka kulira, ukapita ankamasula. Sitinalankhule zambiri. Ine ndinkangoti apa pali mwala, apa pali chitsa, apa tikutsetsereka. Pamtsinje tinawoloka limodzi, madzi akufika m'mawondo, osasiyana manja.

Kumudzi apongozi anatiyang'ana, n'kuyang'ananso manja athu. Tsiku lonse lotsatira anthu ankandipeza ndikusenda nyemba ndi dzanja limodzi ndi mano, linalo litagwira la amuna anga.

Mkucha uja utafika, ndinamasula bandeji m'mawa kumthunzi kwa nkhokwe. Diso linali lofiirabe, lili ndi kadontho koyera pambali pa mwanadiso. Anaphethira kangapo. Anayang'ana kudambo nthawi yaitali.

"Mbuzi yamawangayo ndi ya ndani?" anatero. "Ikudya mpiru m'dimba mwathu."

Ine mbuziyo ndinali ndisanaione n'komwe. Anadzuka n'kuithamangira okha.