Mfundo ya pa Chitenje cha Apongozi

Apongozi anga aakazi anabwera kuchokera ku Rumphi m'nyengo yozizira, nthawi imene mphepo ya ku Area 23 imakokolola fumbi la mumsewu n'kukulowetsera m'nyumba ngakhale utseke mawindo onse. Anabwerera ubatizo wa mwana wathu wachiwiri. Ine kwathu ndi ku Thyolo, ndipo chilowereni m'banjali mayiwa ankandiyang'ana ngati mmene munthu amayang'anira chovala cha pa kaunjika: chikuoneka bwino, koma tione chikachapidwa. Kundinyoza sankandinyoza ayi. Ankangonditchula kuti "mkamwana", mmene kwawoko amaitanira mkazi wa mwana wawo, kenako zii.

Chinsinsi chawo ndinachitola pochapa. Pakona ya chitenje chawo chakale panali mfundo yolimba, ndipo ndinaimasula kuti zam'katimo zisanyowe. Munali kajumbo kakang'ono ka kuchipatala, ka mapiritsi. Ndinawazindikira msanga chifukwa malemu mayi anga aang'ono ankamwa omwewo. Anali a kuthamanga kwa magazi, kumene tonse timangoti BP. Ndinamanganso mfundo ija, chitenjecho n'kuchiika m'chikwama chawo osachichapa.

Chifukwa chobisira ndinkachidziwa. Apongozi aamuna anamwalira ndi sitiroko, ndipo pamaliro pomwepo amuna anga ndi abale awo anapangana kuti mayi awo akangoyamba kudwaladwala, awasamutse kumudzi adzakhale m'tauni. Koma mayiwa tauni ankaida. Ankati kuno n'kumalo kwanji kumene ngakhale nkhwani umachita kugula. Kwawo anali ndi munda wa nyemba, mbuzi, anzawo a kumpingo, komanso manda a amuna awo poteropo. Kuwachotsa kumeneko kukanakhala kuwaika m'manda ali moyo. Choncho ndinatseka pakamwa.

Patangotsala masiku ochepa kuti Lamulungu la ubatizo lifike, chimfine chinawagwira apongozi. Mphuno zinatsekeka, ankapumira kukamwa, mawu akutuluka ngati akulankhulira m'ndowa. Chinkawapweteka kwambiri n'chakuti anakonzeka kudzaimba nyimbo ya Chitumbuka pa ubatizo wa mdzukulu wawo. Mayi wina woyandikana nafe anawauza za timapiritsi totsegula mphuno, kuti ukangomwa, mpweya umadutsa ngati msewu wa phula. Basi, ndinatumidwa.

Ku famase ya ku Kawale ndinayang'ana m'mashelefu monse osawaona. Mtsikana wovala gauni yoyera anandiuza kuti amenewo saika poyera, amasunga kuseri kwa kauntala.

"Ndi anu, mayi?"

"Ayi, ndi a apongozi anga."

"Ndi achikulire? Alibe BP, shuga, kapena vuto la mtima?"

Kunama kunali pafupi, chifukwa ndikanangoti alibe, ndikanabwerera kunyumba ndili mpongozi wabwino. Koma mtima unakana. Ndinati BP ali nayo ndipo akumwa mankhwala.

"Ndiye sindikugulitsani," anatero mosazungulira. "Mapiritsi amenewa amatsegula mphuno pofinya timitsempha ta magazi. Vuto lake safinya m'mphuno mokha, amafinya thupi lonse. Munthu wa BP imatha kumukwerera moopsa, mtima n'kumagunda ngati wathamanga, tulo osabwera. Ngakhale munthu wabwinobwino timangomugulitsa kapaketi kamodzi, amwe masiku ochepa basi, chifukwanso pali ena amakapangira mankhwala ozunguza bongo."

M'malo mwake anandipatsa kabotolo ka madzi amchere odonthezera m'mphuno, n'kundiuza kuti azikoka nthunzi ya madzi otentha atafunda nsalu. M'minibasi pobwerera ndinkangodzifunsa kuti kunyumba ndikanena chiyani.

Apongozi anakatembenuza kabotoloko uku ndi uku. "Madzi amchere? Mkamwana, mchere m'nyumba muno watha kuti mpaka mukagule wa m'botolo?"

"Bwanji simunagule aja anakuuzani?" anafunsa amuna anga.

"Anakana."

"Sitolo kukana kugulitsa? Zayamba liti zimenezo?"

Ndinaona nkhope zawo zikugwirizana kuti mkazi wa ku Thyoloyu ndi woumira, wasankha zotchipa. Zinandiwawa kwambiri, moti ndinakalirira kuseri kwa bafa. Kupsa mtima kwanga kwenikweni kunali pa amuna anga. Munthu wamkulu ndithu, osaima n'kudzifunsa kuti a famase angakanirenji malonda? Paja safunsa anadya phula.

Loweruka masana amuna anga anabwera akumwetulira ngati wapha nyama. Anali atadutsa pa depoti m'tauni, pamene mavenda ena amagulitsa mankhwala a m'chikwama. Kumeneko safunsa za BP, safunsa za shuga, amangofunsa kuti mukufuna angati. Anatulutsa kampukutu ka mapiritsi kopanda bokosi n'kuthyolera awiri m'dzanja la mayi awo.

"Amama, imwani awa. Mawa mukaimba ngati mtsikana wa kwaya." Kenako anatembenukira kwa ine. "Tawapatseniko madzi."

Ndinalowa kukhitchini. Apa ndiye ndinagwira njakata. Ndikanena, mayiwa ataya mudzi wawo ndipo sadzandikhululukira. Ndikakhala chete, mwina mawa m'malo mopita kutchalitchi tithamangira kuchipatala, ngati mmene zinayambira ndi amuna awo. Ndinatunga madzi, n'kupita kukagwada pafupi ndi mpando wa apongozi.

Anatambasula dzanja n'kugwira kapu. Ine sindinaisiye. Anakoka pang'ono, ine ndinagwiritsa. Kwathu kapena kwawo, palibe mpongozi amene amalimbirana kapu ndi apongozi ake. Anandiyang'ana modabwa, ndipo aka kanali koyamba kuti ine ndiwayang'ane m'maso.

"Amama," ndinanena chapansipansi, "awa sagwirizana ndi aja. N'chifukwa chake anandikaniza."

"Aja ati?" anafunsa amuna anga.

Panja wogulitsa makala ankaitanira malonda ake, ndipo ndikukumbukira kuti ndinalakalaka ndikanakhala iyeyo. Apongozi anayang'ana mapiritsi anali m'dzanja lawo kwa kanthawi, kenako anawaika patebulo. Anakoka kona ya chitenje chawo, anamasula mfundo ija ndi mano, n'kuika kajumbo kaja pambali pa mapiritsiwo.

"Aja ndi awa," anatero. "Ndili ndi BP. Ndinayamba kumwa chaka chatha."

Ndinafotokoza zonse zimene mtsikana wa ku famase ananena. Amuna anga anakhala pansi mwadzidzidzi, nkhope itagwa. Sindinawaonepo ali ndi mantha choncho. Anatola kampukutu kawo ka pa depoti n'kukapanikiza m'thumba ngati akubisa mpeni. Kenako anayamba zomwe tonse tinkayembekezera: kumudzi sabwereranso, chipinda chilipo, aimbira abale awo lero lomwe.

Apongozi anawasiya amalize. Kenako, ndi mawu a m'ndowa aja, anati, "Iwe, tamvera. Bambo ako anafa chifukwa ankakana mankhwala. Ine ndikumwa, tsiku silidumpha. Mwezi uliwonse ndimapita ndekha kukayezetsa. Ndipo lero amene amafuna kundimwetsa zondipha ndi ndani? Ndi mudzi kapena ndi iwe wa m'tauni?"

Ndinaluma mlomo kuti ndisaseke. Mtima wanga unakhala m'malo nthawi yomweyo, ndipo thupi lonse linapepuka moti ndinazindikira kuti ndidakagwadabe ndi kapu ija m'manja. Amuna anga analimbalimba mpaka dzuwa kupendeka, koma mlandu anali ataluza kale. Anagwirizana zoti mayi abwerera kwawo, kungoti akayezetsa azitiuza zotsatira, osabisanso.

Madzulo amenewo ndinawawiritsira madzi, anafunda bulangete n'kukoka nthunzi, ndipo madzi amchere aja analola kuti ndiwadonthezere, uku akudandaula kuti ndikuwathira ndiwo m'mphuno. Lamulungu anaimba. Mphuno zinali zitatseguka mbali imodzi yokha, mawu ankasasa, ana a kutsogolo ankatsinana. Ine ndinaimirira nditanyamula mwana, misozi ikutsika, chifukwa munthu amene ankaimba moipayo anali wamoyo ndipo anaima ndi miyendo yake.

Tsiku lobwerera tinawaperekeza ku depoti. Amuna anga atapita kukaona zokweza katundu, apongozi anatulutsa kajumbo kawo n'kuyamba kukamanga pa chitenje ine ndikuona, osatembenuka.

"Mkamwana, tsiku munachapa lija ndinadziwa kuti mwaona."

"Munadziwa bwanji, Amama?"

"Mfundo inali yosakhala yanga. Ndiye ndinangokhala, kudikira kuti muthamangira liti kwa mwamuna wanu. Simunathamange. Ngakhale pamene ndinkakunenani za mchere, simunathamange."

Basi inali italiza kale injini, kondakitala akukuwa. Anakoka mfundo yawo ndi mano mpaka inalimba, n'kundigwira pamkono, chinthu chimene anali asanachitepo.

"Tikakolola mubwere kumudzi ndi ana. Uyo mumusiye, angatimwetse za pa depoti. Mubwere ndikakuphunzitseni kumanga mfundo, yanu ija ndi yachibwana."