Pampu ya Nsomba ya Layisoni

Nkhani iyi sindinauzepo munthu. Kwathu anthu amadziwa kuti tsiku limene tinaika mwana wanga Layisoni ine sindinafike kumanda, ndipo amati ndinagwidwa chizungulire panjira. Sindinawatsutsepo. Kulemba ndinaphunzira ndili kale ndi imvi, kusukulu ya kwacha, choncho ndilemba pang'onopang'ono monga mmene tsikulo linayendera.

Ndinadzuka kusanache. Ndinali nditagona pampando panja, pamene azibambo anasonkha moto wa pasiwa. Inali nyengo ya chiperoni, phiri la Michesi silinkaoneka, ndipo moto unali utatsala makala okha. M'nyumba amayi anali atatopa kuimba, mmodzi yekha ankakokabe nyimbo ndi mawu osasa. Kuzizira sindiko kunandidzutsa. Phokoso lina limene ndinalizolowera m'nyumba imeneyo silinkamveka.

Layisoni anagwira ntchito zaka zambiri ku Blantyre, kwa mzungu wina woweta nsomba m'magalasi. Mzunguyo pobwerera kwawo anamusiyira thanki imodzi ndi nsomba yake, ndipo Layisoni anabwera nazo kunyumba imene anamanga pamalo a kwawo kwa mayi ake, pafupi ndi Migowi pamene pamafika magetsi. Ine ndinakulira pa Chilwa, ndagwira matemba, makumba ndi milamba, koma nsomba yotero sindinaionepo. Yaphwatalala, yozungulira, yamawanga pamsana, maso pamwamba, mchira uli ndi mbola. Iye ankaitcha sitingire. Anthu ankangoti nsomba ya lichero.

Miyezi imene anadwala ndinkagona kwa iye. Pali zimene ndinamulakwira ali mwana, sindizilemba pano, ndipo tinatha zaka osalankhulana bwino. Nkhani imene tinkatha kukambirana osakhumudwitsana inali ya nsombayo. Anandiphunzitsa ali chigonere. Thanki ikhale yotakata, osati yakuya, poti nsombayo imayenda pansi. Pansipo pakhale mchenga wosalala, miyala imaicheka pamimba. Pakhale sefa yoyeretsa madzi, ndi hita yofunditsa madzi, yotchingidwa kuti isaiwotche. Ndowa zake zisakhudze sopo. Ukonde ayi, mbola imakodwa, poigwira ndi beseni. Koposa zonse ndi pampu ya mpweya, ndipo anali ndi ina yaing'ono yoyendera batire la galimoto magetsi akathima. Masiku omaliza anandiuza kuti, "Bambo, zina zonse mungaiwale, koma thovu lisasiye kutuluka."

Ndinalowa m'nyumba. Pamaliro katundu wa pabalaza amatulutsidwa kuti bokosi ndi amayi apeze malo. Thanki inakanika kunyamulika, ndiye anaiphimba ndi chitenje, poti amayi ena ankati sangagone chinthucho chikuwayang'ana. Waya wake anauzula usiku n'kulumikizapo babu lounikira panja. Palibe amene anachita dala. Ndinadutsa pakati pa miyendo ya anthu, ndinazula babu, ndinabwezera pampu ndi hita. Nditakweza chitenje ndinaona nsomba itakwera pagalasi, mabowo a kuseri kwa maso ake akutseguka ndi kutseka mofulumira. Galasi linali lozizira.

Kutacha anthu anayamba kufika, ena panjinga, ena pamatola. Pamsewu anali atayalapo masamba. Achibale a ku Mozambiki anafika matope mpaka m'mawondo, akulira m'Chilomwe. Amayi ovala zitenje za zipani zosiyana anakhala mphasa imodzi. Kuseri nkhuni zonyowa zinkangofuka utsi, ophika akupukuta maso. Ndowa za nsomba ndinazipeza kumeneko, akutsukiramo mbale ndi sopo. Ndinangodutsa. Adzukulu atabwera kuchokera kokumba, mmodzi anandifunsa ngati ndiwo ya m'galasi ija tawasungira iwo, anzake n'kuseka. Ndinamvanso ena akunong'ona kuti nsomba yotere siwetedwa chabe, ndiyo yamudya mwini wake.

Mwambo wonse unali m'manja mwa alamu anga, mlongo wa mkazi wanga, amene anali mwini mbumba. Kwathu bambo pamaliro a mwana wake amakhala pamene amuuza. Chakumasana ndinaona a kwaya akutulutsa batire lija, ndipo ndinapita kwa iwo.

"Alamu, batirelo ndi la pampu."

"Magetsi alipo, alamu. Khamu lonseli abusa alilalikire ndi chiyani? Kapena mukufuna ulaliki umveke kwa nsomba?"

Ndinabwerera pampando wanga.

Mapemphero anatalika, olankhula anachuluka. Potulutsa bokosi, mpongozi wanga, mkazi wa Layisoni, anadutsa pafupi nane atagwiriziridwa ndi amayi awiri. Mwamwambo ine ndi iye sitiyang'anizana. Anapenya kumbali n'kunena motsitsa ngati akuuza khoma, "Magetsi athima."

Tinanyamuka. Manda a kwathu ali kutali, kutsidya kwa mtsinje. Patsogolo panali njinga yonyamula chimkuzamawu, batire atalimanga pakaliyala. Azibambo ankalandirana bokosi, mvula ikuwaza. Ndinayenda pambuyo pa bokosilo ndikuganiza zimene zatsala: ulendo, ulaliki wachiwiri, kukwirira, nkhata za maluwa, kubwerera. Magetsi a kwathu akathima masana amayaka usiku. Nsombayo inali itavutika kale usiku wonse. Pamlatho wa mitengo anthu anapanikizana, ine ndinapatuka n'kukhala pansi. Bambo wina anandifunsa ngati ndi chizungulire, ndinavomera ndi mutu. Anafuna kutsala nane, ndinamuuza kuti apite. Ndinayang'ana bokosi mpaka linalowa m'mitengo ya bulugamu, kenako ndinadzuka.

Panyumba panali agalu okha ndi nkhalamba ina yowodzera pafupi ndi miphika. Ndinachotsa chitenje. Nsomba inali itagona pamchenga, m'mphepete mwake mutayamba kupindikira m'mwamba. Layisoni ankati ikafika pamenepo ndiye kuti ikupita. Ndinatenga kapu, ndinkatunga madzi a m'thanki momwemo n'kumawathira kuchokera m'mwamba kuti atulutse thovu. Pamakala a ophika ndinafunditsa madzi, ndinawathira m'mabotolo, ndinatseka, n'kuwayandamitsa m'thankimo. Mkono ukatopa ndinkasintha.

Mphepo inkabweretsa mawu a kumanda. Batire linkagwira ntchito bwino ndithu. Ndinamva dzina la mwana wanga, ndinamva nyimbo yotsitsira bokosi, ndipo sindinasiye kuthira. Itakwana nthawi ya nkhata anaitana mkazi wa malemu, anaitana mayi a malemu, kenako anaitana bambo a malemu. Anaitananso. Kenako anaitana wina.

Anthu atabwerako anasamba m'manja, anadya, anayamba kubalalika. Ine ndinali nditakhala pamphasa pafupi ndi thanki, ndipo ambiri ankasuzumira pakhomo kundifunsa za chizungulire. Batire anabwera nalo ndi alamu okha. Analitula pansi, anayang'ana mabotolo oyandama, anayang'ana manja a malaya anga onyowa mpaka m'mapewa.

"Mwachira, alamu?"

"Pang'ono."

"Nkhata yanu ndakuikirani ndine."

Anatuluka, ndipo mpaka anamwalira sanaitchulepo nkhaniyi.

Madzulo m'nyumba munali zii. Mipando inali idakali panja, pabalaza panali mphasa zokhazokha ndi fungo la maluwa. Mkazi wanga anagona atafulatira. Mpongozi anali kuchipinda ndi abale ake. Kapampu kankang'ung'udza pakona. Nsomba inawongoka pang'onopang'ono, inagwedeza m'mphepete mwake n'kudzikwirira mumchenga, maso okha ali pamtunda. Ndinakhala ndikuiyang'ana mpaka mdima. Ngati ndinachita bwino kapena ayi, mpaka lero sindidziwa.

M'mawa mwake achibale anasonkhana pabwalo kuti akaone manda, monga timachitira maliro akagona. Nditatuluka ndi khasu anandipatukira kuti nditsogole, poti dzulo lake sindinafikeko. Koma nsombayo inali isanadye chiyambire maliro, ndipo imadya nyongolotsi zamoyo, zokumba nthaka isanaume. Ndinawauza kuti atsogole, ndiwapeza. Iwo analowera njira ya kumlatho, ine ndinatsikira kudambo ndi khasu ndi chitini.