Tsiku lomwe ndinaimitsa dzuwa

Mdzukulu wanga Zeka, amene amanditchula Vovo m'malo mwa agogo, wandionetsa mpira wa ku Amereka pa foni, wa anyamata ovala zipewa zolimba. Mphunzitsi wawo wangokweza manja, wotchi n'kuima!

"Vovo, waimitsa nthawi kuti anthu ake asagonje."

Ine kuseka, kuseka mpaka misozi, eee! Zimenezo ndinayamba ndine.

Tinkasewera fulaye ndi atsikana a kutsidya kwa Ruo, opambana ankatenga mpira. Wotchi yathu inali mwala: mthunzi wa mtengo wa mango ukaukhudza, masewera atha. Tsiku limenelo tinali m'mbuyo, mthunzi utatsala chikhatho chimodzi, ndipo mpirawo unali wanga, wansanza, womanga ndekha.

Ndinadzigwetsa pamwalapo. "Mayo, munga! Munga!"

Onse anaunjikana pa phazi langa, chigongono changa chikukankha mwala pang'onopang'ono. Tinasewera, tinasewera, tinapambana! Ine ndinakhulupiriradi kuti dzuwa landimvera.

Ndinathamangira kunyumba ndikuimba, "Amayi, ndaimitsa dzuwa!"

"Waimitsa dzuwa? Nanga nkhuku zalowa bwanji, mtsuko ukadali wouma?"

Khutu lomwe anandikoka linawawa, koma mpira ndinagona nawo.

Lero mthunzi wandiyandikira, Zeka iwe. Kandifunire mwala uja ndiukankhenso!