Dabulo Yomwe Ndinaimeza

Kukalabu ya pakampani ya nzimbe kunali tebulo limodzi lokha la buliji, pakhonde, pomwe osewera tinali ochuluka kuposa mipando. Tsono lamulo linali ngati la pabawo: mukasewera magawo anayi, awiri operewera mapointi adzuke, ena akhale. Bwana woyang'anira zothirira, mkulu wochokera kumtunda, anali asanadzukepo. Loweruka lililonse masana ankakhala mpando womwewo, miyendo atatambalala, ife tikusinthana ngati odwala pamzere. Ine ndinkafuna chinthu chimodzi basi: ndidzamuone ataimirira, anthu akuyang'ana.

Buliji ndi sewero la makhadi la anthu anayi, awiri mbali ino, awiri mbali inayo. Musanaponye khadi mumayamba mwapikisana pakamwa, aliyense kulonjeza kuti mbali yake idya kangati komanso mtundu wa makhadi womwe ulamule. Mdani akalonjeza, iwe ukhoza kunena kuti “dabulo”. Pa lonjezo lalikulu ndiye kuti wamuuza kuti wanama, ndipo akalephera chilango chake chikula. Koma pa lonjezo laling'ono, monga mmene tinkasewerera ife, dabulo ndi kuitana mnzako: “Mtundu watchula mdaniwu ndilibe, tchula wina.” Mnzakoyo amatchuladi, mdani n'kupulumuka.

Poyamba ine ndinali mnzake wa bwanayo. Tsiku lina mdani atalonjeza pang'ono ndinakuwa dabulo, ndikufuna kumupha. Bwana anatchula mtundu wina, tinagwa chagada. Kaya wolakwa anali ndani, zimenezo n'zapatebulo. Chomwe sindinaiwale ndi chakuti anaponya makhadi pansi n'kunena mokweza, ngakhale ogulitsa mowa anamva:

“Anthu a ku Tenganinu dabulo yanu imachokera m'chiwindi, osati m'mutu. Bwererani mukasewere bawo ndi asodzi anzanu.”

Ine bambo wa ana akuluakulu, kalaliki wa pasikelo yoyezera nzimbe! Ndinanyamuka ndi mpando m'manja, anthu anachita kundigwira.

Amene anavomera kusewera nane pambuyo pake anali asisita a kuchipatala cha kampani, mayi wa ku Nsanje wosakonda kuseka. Anandiuza mosabisa mawu: “Baba, makhadi mumawadziwa, koma pakamwa panu palibe chitseko. Mdani akatchula mtundu womwe inu muli nawo wambiri, nenani pasi, ndiye kuti simukulonjeza kanthu. Ine ndikakhala ndi wochepa ndinena dabulo yokuitanani. Inu osayankha kuitanako, nenaninso pasi. Ikatero yasanduka chilango.”

“Nanga inu mukapanda kunena dabuloyo?”

“Ndiye kuti wapulumuka. Mudzapsa mtima kunyumba kwanu.”

Miyezi inadutsa, ife tikudzukabe. Kenaka linafika Loweruka lina m'nyengo yodula nzimbe, kutentha koti malaya kumamatira pamsana, phulusa la kuminda yotenthedwa likugwera patebulo. Pofika gawo lomaliza bwana ndi mnzake, mkulu wina wa kuofesi ya malipiro, anali patsogolo ndithu. Kulephera wamba sikukanawadzutsa. Pankafunika agwe ndi dabulo pamutu.

Asisita anayamba kulonjeza: “Sipedi imodzi.” Bwana, amene anakhala kudzanja langa lamanja, sanaganize n'komwe. “Mahati awiri.”

Ndinayang'ana m'manja mwanga. Mahati okhaokha, onona, mfumu ndi jeke ali momwemo, ndipo ine ndiye woponya pambuyo pake, kuti khadi lililonse lomwe angatulutse ndiliphimbe. Mawu aja anakwera mpaka pakhosi. Ndikanangoti dabulo, asisita akanamva kuti ndikuwaitana, akanatchula zina, nyama n'kuthawa. Kuusa moyo kapena kuchedwa kuyankha nakonso n'kuba, chifukwa mnzako amawerenga nkhope. Ndinayenera kunena pasi ngati munthu amene alibe kanthu.

“Pasi.”

“Ee, a ku Tengani lero aphunzira ulemu,” anatero bwana. “Kodi mwadwala, achimwene? Asisita, ayezeni malungo awa.”

Oimirira kumbuyo anaseka. Ndinapondereza chala chachikulu m'nsapato mpaka chinachita dzanzi. Wa malipiro anati pasi. Zonse zinatsalira asisita: akati pasi, basi, tidzukenso ife. Anayang'ana makhadi awo, n'kuchotsa kaphulusa pamkono. Ine maso ndinaloza kudenga kuti asanene kuti ndawapatsa chizindikiro.

“Dabulo,” anatero ngati akuitana wodwala wotsatira.

Bwana anati pasi, akumwetulira, kudikira kuti ine nditchule mtundu wanga monga achitira munthu woitanidwa.

“Pasi,” ndinatero.

“Achimwene, mwaitanidwatu. Simunamve?”

“Ndamva, bwana. Nkhabe, sindipita kulikonse. Ndikhala pompano ndi inu.”

Wa malipiro analibe kothawira, naye anati pasi. Nditaponya khadi loyamba, iye anayala ake patebulo monga mwa lamulo: kahati kamodzi kokha, kowonda. Kumwetulira kwa bwana kunauma. Asisita anadya ndi masipedi awo, kenaka anaponya ina yaing'ono. Bwana anaidula ndi hati, ine ndinaphimba ndi yoposa. Anayesa kukoka mahati kuti andithere, koma akatulutsa, ine pamwamba. Sindinamenye tebulo ngati kale. Khadi lililonse ndinkaliika pang'onopang'ono, kuti alione bwino lisanadye lake.

“Mwaunjika chonchi bwanji?” anafunsa bwana, thukuta likutsikira m'kolala.

“Asodzi timadikira, bwana.”

Bwana anaperewera kanayi pa lonjezo lake. Wa malipiro anawonkhetsa mapointi, anabwerezanso, n'kudzuka mwakachetechete. Bwana anakhalabe, akuti gawo lija tilionenso, mwina wina anachedwa kuyankha. Asisita anamuyang'ana pamwamba pa magalasi.

“Bambo, anthu akudikira mpando.”

Anadzuka. Mawondo ake analira, pakhonde ponse panamveka. Anakaima pafupi ndi chipilala, manja osadziwa powaika, kenaka anati ali ndi pampu yoti akaione kumtsinje.

Ena amati ndikanamukhululukira, poti ndife a mpingo umodzi. Ine ndinamuitana asanafike pagalimoto lake:

“Bwana! Mukabwerera kuchokera kupampuko mutipeza. Mukhale kumbuyo kwa awa, ndiwo anayamba kudikira.”