Kulira kwa Matayala a Mayi Tellervo

Mumzinda wa Oulu, kudziko lozizira kwambiri, mayi Tellervo Kemppainen ankadziwika ndi liuma komanso njinga yawo yobiriwira. Atapuma pantchito yophika kusukulu, anzawo anakhala pansi n'kumaluka masokosi, koma iwo ankapalasa tsiku lililonse kupita kunyumba yosamalira okalamba kumene kunali amuna awo, a Veikko.

Kale, chisanu chikayandikira, a Veikko ndiwo ankavula matayala wamba n'kuika a timisomali, ogwira bwino pamsewu madzi akaundana. Tsopano matenda oiwala anali atawalanda zonse, ndi nkhope ya mkazi wawo yomwe. Chimodzi chokha chinatsala m'mutu mwawo. Timisomali tija tikamathetheka pasimenti yosesedwa pansi pa windo, ankadzuka n'kunena kuti, "Tellervo wafika." Mayiwo akalowa ankawazindikira, ngakhale kwa kanthawi. N'chifukwa chake matayalawo sankachotsedwa ndi m'nyengo yotentha yomwe.

Mwana wawo Outi sankagona nazo tulo.

"Amayi, mwakula inu. Mukadzangogwa kamodzi, njingayo ndikaitsekera kwanga."

"Iwe, ndinayamba kupalasa usanamere n'dzino lomwe. Undiphunzitsa lero?"

Koma mumtima mantha analimo, poti miyendo inali itayamba kuwanyenga.

Kuipa kwa matayala amenewa n'kwakuti amamuiwalitsa munthu chimene akuyendapo. Tsiku lina mvula inagwa pamsewu woundana, pansi n'kusalala ngati mbale yagalasi. Njinga inayenda bwinobwino, osaterereka ngakhale pang'ono. Atafika pamphambano anaima, n'kutsitsa phazi monga mwa masiku onse. Nsapato ilibe misomali. Anagwa chammbali, fupa la m'chiuno n'kuthyoka.

Mayiwo atatuluka m'chipatala, Outi anawatengera kwa a Veikko pagalimoto. Anawapeza atakhala pawindo, khutu atalozetsa kunja. Mayi Tellervo anasendera pafupi ndi ndodo zawo.

"A Veikko, ndabwera. Ndine Tellervo."

Bambowo anawayang'ana mwaulemu, monga mmene munthu amayang'anira mlendo wosokera chipinda.

"Pepani mayi, tangokhalani chete pang'ono. Mkazi wanga wachedwa, ndikumvetsera njinga yake."

Mayi Tellervo anakhala pampando wapambali, n'kuyamba kumvetsera nawo.