Telala Amene Anayeza Maso Ake ndi Tepi

Inu amene mwabwezedwa kuchipatala kawiri katatu ati simukudwala, khalani pansi mumve za mayi uyu. Sinditalikitsa.

Anzake ankamutchula Nasingano, chifukwa ulusi ankaulowetsa pasingano kamodzi n'kamodzi, osaunyowetsa ndi malovu. Anasoka pashopu imodzi zaka khumi ndi ziwiri. M'mawa wina anatambasula dzanja kuti atenge sizasi, chigongono n'kugunda simbi yamoto imene inali pambali pake. Inagwera padiresi la ukwati la kasitomala.

"Simbi yonseyi osaiona?" anakalipa bwana. "Tengani chikwama chanu, mayi."

Kunyumba nako kunali kutayaka kale moto. Sabata yomweyo anadutsana ndi apongozi ake pamsewu, phewa ndi phewa, osawapatsa moni.

"Amayi anga wawadutsa ngati chitsa," anatero mwamuna wake. "Aka n'kachitatu."

"Sindinawaone, bambo."

"Diso la singano umaliona, koma amayi anga ayi?"

Mwamunayo analongedza zake n'kumapita. Kunena zoona, za moni zinali pothawira chabe. Mayiyu anali atasiya kupita kumwezi zaka ziwiri zapitazo, mwana analibe, mutu sunkaleka kuwawa.

Anakakhala kwa achemwali ake aakulu. Kuchipatala cha maso anapitako katatu, ndipo katatu konse anawerenga zilembo za pakhoma mpaka mzere wapansi, wa tizilembo tangati nyerere.

"Maso anu ndi akuthwa kuposa anga," anamuuza wopimayo. "Mukungoganiza kwambiri."

Analira masabata awiri. Sabata yachitatu anapukuta misozi n'kunena kuti, "Telala sakangana ndi kasitomala pakamwa. Amatulutsa tepi."

Anakhoma nsalu yoyera pakhoma, pakati pake n'kusokererapo batani lakuda. Anakhala pampando, yadi imodzi kuchoka pansaluyo, anatseka diso limodzi, linalo n'kuyang'anitsitsa batani. Achemwali ake ankayendetsa choko pang'onopang'ono kuchokera m'mphepete. Akangochiona ankati, "Pamenepo!" iwo n'kulembapo kamzere. Kenako diso linalo. Ankayeza mainchesi n'kulemba tsiku, Loweruka lililonse.

"Iwe, anthu atiyesa amisala," anadandaula achemwaliwo.

"Atiyese. Lembani, achemwali."

Patatha miyezi iwiri nsalu inayankhula. Diso lamanja silinkaona za kumanja, lamanzere silinkaona za kumanzere, ndipo timizere tija tinkasendera kubatani. Mdima unkatseka mbali zonse ziwiri ngati makatani. Ukakumana pakati, basi, khungu.

Anapinda nsalu yake n'kupitanso kachinayi.

"Muno sitisoketsa zovala, mayi," anatero kalaliki wa pakhomo.

Nasingano anakhala pabenchi mpaka analowa kwa dokotala, n'kuyala nsalu patebulo, pamwamba pa mapepala ake. Dokotalayo anatsata timizere ndi chala.

"Anakuphunzitsani zimenezi ndani?"

"Palibe, adokotala. Ndine telala."

"Vuto silili m'maso. Lili kumbuyo kwake, pamene mitsempha ya maso awiriwa imapingasana. Pali chimene chikuidina. Tikujambuleni m'mutu."

Kuchipinda chojambulira anamuuza kuti achotse chachitsulo chilichonse, chifukwa makinawo amakoka zitsulo. Nesi anapeza mapini asanu ndi anayi pakolala ya bulauzi yake.

"Mayi, mumafuna kutisokera makina?"

Anagona m'chimpope cha makinawo mphindi makumi anayi osagwedezeka, phokoso lake ngati matelala makumi asanu akupalasa nthawi imodzi. Chotupa chinaoneka, koma mtundu wake sunadziwike. Anamubaya jekeseni wa mankhwala owalitsa zithunzi n'kumujambulanso. Anamutenganso magazi. Madokotala atatu anaunjikana pazithunzizo, wamkulu wawo n'kunena kuti pantchito yake yonse chotere anachionapo kawiri kokha.

Chinali chachikulu ngati batani la jekete. Chinakhala pansi pa ubongo, pamwamba pa kachiwalo kangati nyemba kamene kamayendetsa za kumwezi, kubereka ndi mphamvu za thupi. Sichinali khansa yofalikira. Chinkangokula mwakachetechete, n'kumaphwanya zoyandikana nazo.

Anachichotsa podzera m'mphuno. Tsitsi sanamumete ndi limodzi lomwe.

Sindikunamizani kuti zonse zinabwerera. Diso lamanja linatseguka, koma mbali ya kumanzere idakali yamdima mpaka lero. Mapiritsi amamwa m'mawa uliwonse, ndipo adzamwa mpaka kumanda. Za mwana madokotala anamuuza mosabisa kuti asayembekezere. Tsiku limenelo analira kuposa tsiku la opaleshoni.

Dokotala analemba kalata yofotokoza matendawo, achemwali ake n'kupita nayo kwa mwamuna uja. Anakapeza mkazi wina akuyanika zovala pachingwe, ali ndi pakati. Apongozi anamvetsera kalata yonse, n'kuti, "Nanga ife tikanadziwa bwanji?" Kupepesa kwake kunathera pomwepo.

Koma khungu sanachite. Anayambiranso pakhonde la achemwali ake, kupinda mathalauza ndi kusintha mazipi. Lero ali ndi chipinda chakechake, makina atatu ndi amayi awiri amene anawaphunzitsa yekha. Ukamuitana amatembenuza mutu wonse, n'kuseka kuti, "Pepani, kumanzere kuno ndinatseka shopu."

Ndiye inu amene thupi likukuuzani kuti china chake chalakwika, musakhale pakhomo n'kumati anandibweza. Wopima ndi munthu, amaona chimene wayang'ana. Lembani zimene mukumva, tsiku ndi tsiku, yezani ndi chimene muli nacho, mupite nazo. Akakubwezani, lirani ngati mukufuna, koma mawa muvale nsapato mupitenso. Mtima usagwe. Matenda sadikira munthu wamanyazi.